Momwe mungamangirire mitengo ya denga pa khoma la mabuloko kuti mphepo isasasule nyumba

Mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo yamkuntho cha mu Novembala, si zachilendo kuona denga lathunthu litagwera m'munda, malata ali chikhomerere pa mitengo yake, pamene khoma lili chilili. Misomali ya malata imakhala itagwira bwino lomwe, koma chomwe chimagonja ndi pamene matabwa amakumana ndi khoma. Malo amenewa akufunika chisamaliro chachikulu masiku ano pamene mabuloko a simenti afala, makamaka kuyambira mu 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zaboma ndi zamalonda, chifukwa buloko ndi lamphako ndipo msomali ukakhomedwamo umangoliswa osagwira kanthu.

Ntchitoyi imayamba khoma lisanathe, ndipo mwini nyumba ayenera kukhalapo tsiku limenelo. Kukatsala mizere itatu ya mabuloko kuti mufike pamwamba, yomwe ndi masentimita 60 ngati mabulokowo ndi a masentimita 20, ikani hoop iron, lamba wachitsulo wosachita dzimbiri uja, paliponse pamene thirasi (matabwa okhomedwa mwa ngodya zitatu onyamula denga) lidzakhale. Pindani nsonga yake kuti ikole pansi pa buloko, muidutsitse m'mphako mpaka itulukire pamwamba ndi utali wokwanira kudzakulunga thabwa la thirasi, kenaka mudzaze mphakoyo ndi konkire. Amisiri ena amangokoleka waya pa mzere womaliza, koma kulemera kwa mzere umodzi n'kochepa kwambiri, moti mphepo imanyamula denga pamodzi ndi mabuloko omwewo.

Pothira ring beam, konkire yozungulira pamwamba pa khoma lonse, sakanizani muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale. Konkire isanagwire, zikani mabawuti a mamilimita 12 opindika kunsi, motalikirana mita 1.2, ndipo pasalephere kukhala bawuti pafupi ndi ngodya iliyonse komanso mbali zonse ziwiri za pamene matabwa adzalumikizane. Siyani masentimita 8 a bawuti iliyonse ali panja, mukulunge mazinga ake ndi kapepala ka pulasitiki kuti simenti isamatirepo, ndipo muzithirira konkireyo madzi kwa masiku 7 musanasenzetse khomalo katundu aliyense.

Thabwa logona pamwamba pa khoma, lomwe akalipentala amalitcha wall plate, likhale la 4x2 (mainchesi 4 ndi 2), louma ndi lowongoka. Lipakeni mankhwala oteteza ku chiswe mbali zonse, makamaka m'modula, ndipo muyale pulasitiki wakuda pansi pake kuti lisamamwe chinyontho. Boolani molingana ndi mabawuti, ikani washala wamkulu musanamange nati, muyese ndi levulo. Pamene patsika pamafunika kukwezedwa ndi matope a simenti, osati tizidutswa ta matabwa tomwe timawola.

Mukatero imikani mathirasi awiri akumapeto, mukoke chingwe pansonga pake, ndipo enawo atsate chingwecho. Thirasi lililonse likhomeredwe ku wall plate ndi misomali ya mainchesi 4 yolowa chopendekera mbali zonse ziwiri, komabe dziwani kuti misomaliyi ntchito yake ndi kungoligwira kuti lisasunthe. Chomwe chimalimbana ndi mphepo ndi lamba uja. Mukokeni mwamphamvu, adutse pamwamba pa thabwa la thirasi n'kutsikira mbali inayo, mumumenye ndi hamala kuti agone bwino, kenaka mukhome misomali yosachepera inayi mbali iliyonse. Ngati chala chikutha kulowa pakati pa lamba ndi thabwa, zulani misomaliyo muyambirenso, chifukwa denga likayamba kugwedera misomali imasololoka pang'onopang'ono mpaka tsiku lomwe idzathere.

Ngati nyumba yanu inamangidwa kale popanda zonsezi, ndipo mwina mwasanjika miyala pamwamba pa malata, boolani khoma masentimita 60 kuchokera pamwamba, mulowetse bawuti yotulukira kuseri yokhala ndi washala mbali zonse, ndipo mumangirirepo lamba wochokera pa thirasi lililonse, kuyambira a m'ngodya ndi a pakhonde pamene mphepo imayambira kulowa.