Mwagula GPS ya m'manja, muyambe bwanji?

Achimwene mwati mwagula Garmin eTrex yoti mukakwerere Mulanje koma simukudziwa poyambira, nazi zochita.

Ikani mabatire awiri a AA, ndiye mu Setup muuze kachipangizoko mtundu wa batire mwaikawo, apo ayi kazikunamizani za moto watsala. Kenako tulukani panja, pabwalo poti kumwamba kukuoneka bwino osati pakhonde kapena pansi pa mtengo wamango, kayatseni mungokasiya, ulendo woyamba kamatenga mphindi zingapo kusaka masetilaiti chifukwa kamafuna anayi kuti kakuuzeni pomwe muli komanso kukwera kwa malowo kuchokera pamlingo wa nyanja. Sikafuna bando kapena netiweki ya foni iyayi.

Apa ndiye pomwe ambiri amapusa: datum, maziko omwe GPS kapena mapu amawerengera manambala osonyeza malo. Kachipangizoka kamabwera pa datum ya WGS 84, koma mapu akale apepala a kuno ambiri ali pa Arc 1950, mukasakaniza mupeza manambala akukuikani pambali mamita mazana angapo, kuphiri kumeneko ndi chigwa china kale. Onani m'munsi mwa mapu anu mufananize.

Musanapite kuphiri yeserani kwanu, dinani Mark Waypoint muli pageti kuti kasunge malowo, mulembe dzina, yendani mpaka kumsika kakujambula njira, pobwerera gwiritsani TracBack, yomwe imakubwezani m'njira yomwe munadzera, muone ngati kakufikitsani.

Tsiku lokwera, dinani Mark Waypoint pa Likhubula, poyambira kukwera phirilo, musananyamuke, fufutani track (njira yojambulidwa) yakale, mabatire apadera m'thumba lamkati poti kuzizira kumawatha msanga. Koma gaidi mutengebe, Sapitwa, nsonga yaitali ya Mulanje, ndi mamita 3,002 ndipo chiperoni chikagwa GPS siikuonetsani mwala woterera.