Kaphikidwe ka phala la oats mu microwave, losasefukira

Tsiku loyamba kuphika oats, mbewu yofananako ndi tirigu, mu microwave ya kuntchito ndinathira m'kapu yomwera tiyi, n'kudina mphindi 3, ine uyo kukayankha foni. Pobwera ndinapeza theka la phala lili pa galasi lozungulira lija, lina likuyenderera m'mbali mwa kapu. Anzanga akudya, ine ndili kalikiliki ndi kansanza. Ambiri amene amati microwave siitha phala anagwa m'mbuna yomweyi, ndipo mlandu wake ndi wa chiwiya chaching'ono ndi moto wochuluka.

Ife tinakulira phala la mgaiwa, la ufa wauwisi, lofuna kubwata pamoto mpaka fungo lauwisi litatha. Oats a m'sitolo amafika atapsa kale pang'ono, chifukwa kufakitale amawatenthetsa ndi nthunzi kenako n'kuwapsinja kuti aphwatalale. N'chifukwa chake mphindi zochepa zimawakwanira. Koma yambani mwawerenga paketi. Olembedwa "rolled" ndi okhuthala ndipo phala lake limatafunika bwino. A "quick" ndi oduladula, sachedwa kupsa. A "instant" amangofuna madzi otentha, ndipo a m'timapaketi tokometsera aja nthawi zambiri amakhala ndi shuga kale. A "steel-cut", odula chabe osapsinja, asiyireni poto, chifukwa amafuna mphindi 20 mpaka 30. Jungle Oats ya ku South Africa, yomwe ambiri timaidziwa, imachita bwino ndi njira ili m'munsiyi.

Choyamba, sankhani bakuli. Likhale lagalasi kapena ladothi lopaka, lakuya, loti oats ndi madzi zikalowa zisafike n'theka lomwe. Oats akatentha amatulutsa sitachi yomwe imalimbitsa madzi, nthunzi imakanika kutuluka, thovu limakwera ndi phala lonse. Pa mbaula mumaona n'kuphula. Mu microwave zimachitika m'masekondi ochepa, inu mukuyang'ana kumbali. Mbale zachitsulo ayi, ngakhale zopakidwa penti zamaluwamaluwa zija, pakuti mkati mwake ndi chitsulo ndithu. Mbale zokhala ndi mzere wagolide m'mphepete zimathetheka moto. Zigubu za majarini nazo zimapindika zikatentha, zisungireni ndiwo zotsala basi.

Chachiwiri, yezani. Muyezo ndi umodzi wa oats, iwiri ya madzi. Munthu mmodzi amakhuta ndi theka la kapu, pafupifupi magalamu 40, ndi kapu imodzi ya madzi ya mamililita 250. Thirani madzi ozizira, onjezani kamchere kotsina ndi zala ziwiri, takasani. Mchere musaudumphe ngakhale mukufuna phala lotsekemera, apo ayi limazizira m'kamwa ngati ndiwo za wodwala. Ku Scotland, komwe phala la oats ndi chakudya cha makolo, achikale amangothira madzi ndi mchere, shuga osamuyandikira.

Okonda mkaka, musaphikire mkaka wokhawokha. Umasefukira msanga kuposa madzi ndipo phala limamata kwambiri. Sakanizani theka madzi theka mkaka, kapena phikani ndi madzi okha, mkaka muthire pomaliza. Ine ndimachita yachiwiriyi.

Chachitatu, lowetsani osavundikira, ndipo musadine mphindi zonse kamodzi. Yambani ndi mphindi imodzi ndi theka. Tulutsani, takasani mpaka pansi, bwezerani kwa mphindi ina imodzi muli chiimire pomwepo. Mukaona phala likukwera, tsegulani chitseko, limaphwa nthawi yomweyo, kenako pitirizani. Microwave zambiri za m'nyumba zimakhala za mawati 700 mpaka 900, ndipo nambalayo imalembedwa pa kapepala kakumbuyo kapena m'mphepete mwa chitseko. Pa mphamvu imeneyi oats a "quick" amapsa pa mphindi 2, a "rolled" pa mphindi 2 ndi theka kapena 3. Ngati yanu ndi ya mawati 1000 kapena kuposa, tsitsani mphamvu ifike pakatikati n'kuwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri. Batani la mphamvu limenelo anthu ambiri sanalikhudzepo chigulireni, chonsecho ndi lomwe limaletsa kusefukira, chifukwa makinawo amatenthetsa mopumira ndipo thovu limapeza mpata wophwa.

Kutakasa kwapakatiko kuli ndi ntchito inanso. Microwave siitenthetsa mofanana, pena pamapsa pena pali pofunda chabe, ngakhale galasi likuzungulira. Mukapanda kutakasa mumapeza m'mbali mwauma, pakati pali madzi.

Chachinayi, dikirani. Potuluka phala limaoneka lamadzimadzi, ndipo apa m'pamene ambiri amalibwezera, mapeto ake n'kudya nsima ya oats. Lisiyeni pathebulo mphindi imodzi kapena ziwiri, limalimba lokha pamene oats akumwa madzi otsalawo. Likalimbitsa, thirani madzi otentha kapena mkaka pang'ono. Gwirani bakuli ndi kansalu, limawotcha.

Tsopano zokometsera, ndipo apa ndili ndi maganizo anga. Nsinjiro zauwisi zomwe timathira m'phala la mgaiwa sizipsa pa mphindi 3, zimamvekabe kauwisi. Thirani chiponde supuni imodzi phala likadali lotentha, chimasungunuka bwino, kapena sinjani mtedza wokazinga. Mtedzawo ukhale wosankha, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kuphika. Nthochi yakupsa kwambiri, ya mawangamawanga ija, mukaikanya n'kuphikira limodzi, shuga safunikanso. Ufa wa malambe umabweretsa kowawasa kosangalatsa, koma uthireni pomaliza ndipo pang'ono. Chambiko chidikire phala lizizireko. Mkaka wa ufa usungunuleni kaye m'madzi pang'ono kuti usapange mibulu, ndipo dziwani kuti ufa woyeretsera tiyi uja si mkaka, ndi mafuta ndi zotsekemera. Mwana wosakwana chaka musamuthirire uchi, ndipo phala la mwana aliyense litakaseni bwino n'kulawa nokha, pakuti pamwamba pakhoza kuzizira mkati muli moto.

Ambiri amayamba oats atauzidwa kuchipatala za mafuta a m'magazi. Zoona, mu oats muli beta-glucan, kaulusi kosungunuka m'madzi, yemwe amathandiza kutsitsa mafutawo (kolesitulo) munthu akamapeza magalamu 3 patsiku, ndipo bakuli limodzi la magalamu 40 limapereka pafupifupi theka lake. Koma mukaunjikamo masupuni atatu a shuga ndi majarini pamwamba, musanamizire adokotala. Odwala shuga asankhe a "rolled" kusiyana ndi a "instant", omwe amakweza shuga wa m'magazi mofulumira.

Za mayunitsi musadandaule. Microwave yokoka mawati 1200 kukhoma ikayaka mphindi 3, yuniti imodzi ikhoza kukuphikirani mabakuli oposa 15. Koma kukoka kwakeko n'kwakukulu pa nthawi imodzi, choncho magetsi akathima musailumikize ku inveta yaing'ono ya sola yoonera TV. Tsiku limenelo viikani oats mu mkaka kapena chambiko usiku, muike pozizira, m'mawa adzakhala atafewa okha.

Mukatha kudya, thirani madzi m'bakuli nthawi yomweyo. Oats akauma amamata ngati simenti.