Momwe mungawedzere red snapper ku Gulf osalakwira lamulo

Ikangofika Juni, magulu a WhatsApp a anzathu okhala ku Houston, Dallas, Atlanta ndi Tampa amadzaza ndi zithunzi zofanana: munthu ali m'boti, wanyamula chinsomba chofiira, mano onse ali pamtunda. Imeneyo ndiye red snapper. Wina akaona amangoti nanenso Loweruka ndili komweko, ngati akunena zokaponya mbedza pamwala ku Senga Bay. Ku America sizitero. Nsombayi ili ndi masiku ake, msinkhu wake ndi chiwerengero chake, ndipo oyang'anira nsomba akakupezani mwaphonya chimodzi mwa zitatuzi, ulendo wonse umathera pa chindapusa.

1. Mvetsani kaye chimene chimatseka nyanja

Kwathu nyanja imatsekedwa mu Novembala kuti chambo chiswane mwamtendere, ndipo ku Mbenji mafumu amaletsa usodzi nyengo ya dzinja. Ku Gulf of Mexico, imene boma la America linayamba kuitchula Gulf of America mu 2025, nkhani yake ndi ina. Red snapper imaswana miyezi yotentha, Juni ndi Julayi momwemo, nthawi imene maboti ali piringupiringu panyanja. Chimene chimatseka nyengo ndi sikelo.

Bungwe la boma la America loona za nsomba, NOAA Fisheries, potsatira uphungu wa khonsolo yoona za usodzi ku Gulf yotchedwa Gulf Council, limaika kulemera kwa red snapper, m'mapaundi, koyenera kuvuulidwa pa chaka. Pa mapaundi amenewo, 51 peresenti ndi ya asodzi amalonda, 49 peresenti ndi ya owedza mongosangalala. Kuyambira 2015 gawo lachiwirili linadulidwanso pawiri: 57.7 peresenti kwa anthu a maboti awoawo, 42.3 peresenti kwa maboti ahayala okhala ndi chilolezo cha boma lalikulu la dziko lonse la America. Mapaundi a gulu lanu akatha, basi, nyengo yatha, kaya chikalata choyamba chija chinalonjeza masiku angati. Chigawo (state), monga Texas kapena Florida, chikapyola mlingo wake, chaka chotsatira amachidula zomwe chinapyolazo.

N'chifukwa chiyani akuumira chonchi? Nsombayi imatha kukhala zaka zoposa 50, ndipo yaikazi yokalamba imaikira mazira ochuluka kutali kuposa yaing'ono. Pofika zaka za m'ma 1980 zikuluzikuluzo zinali zitachepa kwambiri, pomwe ana ake ankafera m'makoka a asodzi a shrimp. Boma linaika ndondomeko yoti nsombayi ibwerere mwakale pofika 2032. Koma itayamba kuchulukanso ndi kunenepa, anthu ankadzaza mapaundi aja msangamsanga, ndiye masiku ankangochepa. Mu 2014 anali masiku 9. Mu 2017 analengeza masiku 3 okha kwa a maboti awoawo m'madzi a boma lalikulu, anthu anakwiya, boma n'kuwonjezera masiku 39. Mkwiyo umenewo ndi umene unabala dongosolo la lero. Mu 2018 ndi 2019 zigawo zisanu za m'mphepete mwa Gulf zinaloledwa kuyesa kudziikira masiku, ndipo mu 2020 lamulo lotchedwa Amendment 50 linazipatsiratu mphamvuyo. Zigawozo ndi Texas, Louisiana, Mississippi, Alabama ndi Florida.

2. Sankhani boti, chifukwa lamulo limatsata boti

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ngati mukukwera boti lanu kapena la mnzanu, mumatsata masiku ndi malamulo a chigawo chimene mukakocheze. Ngati mwalipira boti lahayala lokhala ndi chilolezo cha boma lalikulu, ngati aja amanyamula anthu ambirimbiri ku Galveston, Port Aransas, Orange Beach kapena Destin, masiku ake amalengeza ndi a NOAA, ndipo amayamba pa 1 Juni. M'boti lotere munthu aliyense amaloledwa nsomba 2 zosachepera mainchesi 16. Kaputeni ndi antchito ake saloledwa kutenga ngakhale imodzi, choncho wina akakuuzani kuti tiwonjezere ziwiri m'dzina la kaputeni, mukaneni.

Palinso maboti ahayala okhala ndi chilolezo cha chigawo chokha. Amenewa sapyola malire a madzi a chigawo akamawedza nsombayi. Musanalipire, funsani funso limodzi: chilolezo chanu ndi cha boma lalikulu kapena cha chigawo? Kwa munthu woyamba kumene, boti lahayala ndiye nzeru. Zipangizo ndi zawo, malo amawadziwa, ndipo kaputeni sangaike chilolezo chake pachiswe chifukwa cha nsomba yanu imodzi.

3. Dziwani mzere wa mamailosi 9

Pa nkhani ya red snapper, madzi a chigawo ku Gulf amathera pa mamailosi 9 a panyanja kuchokera kugombe, pafupifupi makilomita 17. Kupyola pamenepo mpaka mamailosi 200 ndi madzi a boma lalikulu. Mzerewu suoneka ndi maso, umaoneka pa GPS.

Ku Texas mzerewu ndi nkhani yaikulu. M'madzi a chigawo amalola nsomba 4 zosachepera mainchesi 15, ndipo kawirikawiri ndi chaka chonse, ngakhale zaka zina anatsekako chakumapeto kwa chaka mapaundi atatha. Mukangodutsa mzere uja zimakhala nsomba 2 za mainchesi 16, m'masiku olengezedwa okha. Ine ulendo woyamba ndinali nditaloweza 15 yekhayo. Tili kutali, gombe losaoneka n'komwe, ndinavuula yanga yoyamba, yofiira bwino, mtima uli phaphapha. Mnyamata wothandiza m'boti anaigoneka pa thabwa loyezera, inaima pakati pa 15 ndi 16, ndipo osandiyang'ana n'komwe anaibweza m'madzi. Ndinatsala pang'ono kukangana naye. Iye ndi amene ankakhoza.

Ku Alabama, ku Mississippi ndi ku Florida mbali ya Gulf ndi nsomba 2 za mainchesi 16. Louisiana inalola nsomba 4 za mainchesi 16 mu 2024 ndi 2025. Masiku ndiwo amasinthasintha chaka ndi chaka: Florida inalengeza masiku 103 mu 2024, kenako 126 mu 2025, ena a chilimwe otsatizana, ena a kumapeto kwa sabata m'miyezi yotsatira.

Chenjezo kwa anzathu a ku Georgia, North Carolina, South Carolina ndi ku Florida mbali ya Jacksonville: nyanja ya Atlantic ili ndi bungwe lake ndi malamulo ake, musatengere za ku Gulf. Kumeneko nsombayi inaletsedweratu m'madzi a boma lalikulu mu 2010, ndipo kuchokera pomwe anatsegulanso mpaka 2025 masiku anali owerengeka pa zala. Mu 2024 linali tsiku limodzi lokha, pa 12 Julayi. Mu 2025 anali awiri, pa 11 ndi 12 Julayi, nsomba imodzi pa munthu.

4. Konzani mapepala musananyamuke

Layisensi yowedzera m'madzi amchere ndiye poyambira, koma payokha siikwana. Ku Florida muwonjezere kulembetsa kuti State Reef Fish Angler, kwaulere, chaka chilichonse. Ku Louisiana mutenge Recreational Offshore Landing Permit, nayonso yaulere. Ku Alabama pali Reef Fish Endorsement yolipira. Ku Mississippi mu 2024 munthu ankalembetsa ulendo wake pa pulogalamu ya Tails n' Scales boti lisanachoke, n'kupatsidwa nambala ya ulendowo.

Wokwera boti lahayala ku Florida amatetezedwa ndi layisensi ya botilo. Ku Texas ayi, aliyense agule yake. Zonsezi zimagulidwa pa intaneti, ndipo ndi bwino kujambula pa foni chifukwa kutali kuja netiweki kulibe.

5. Zipangizo zofunika m'boti

Mukamagwiritsa ntchito nyambo yeniyeni, monga squid kapena tinsomba, mbedza ikhale ya mtundu wa circle hook, yopindikira mkati, komanso isakhale ya chitsulo chosachita dzimbiri. Mbedza yotere imakola pakona pa kamwa m'malo momezedwa, ndipo ikadukira m'nsomba imadyeka ndi dzimbiri. Pakhalenso kachitsulo kokolowolera mbedza ndi thabwa loyezera.

Kenako pali chipangizo chimene ambiri sachidziwa kufikira atachiona chikugwira ntchito. Lamulo la DESCEND Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 13 Januwale 2022, linalamula kuti boti lowedza nsomba za m'miyala m'madzi a boma lalikulu ku Gulf likhale ndi descending device kapena singano yotulutsira mpweya, zili zokonzeratu, osati zili pansi pa chikwama. Descending device ndi kachipangizo kobwezera nsomba pansi pa nyanja, kogwira nsombayo pakamwa, komangirira ku chitsulo cholemera ma ounce 16 kapena kuposa, ndi chingwe chosachepera mafiti 60. Pulogalamu ya Return 'Em Right imaphunzitsa kagwiritsidwe kake pa intaneti.

6. Yezani bwino, ndipo muonetsetse kuti ndi red snapper

Tsekani kamwa la nsomba, muigoneke, mufinye mchira kuti nsonga zake zikumane, muyeze kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Mainchesi 16 ndi masentimita pafupifupi 41. Ikangofika ndendende pa mzere, ine ndimaibweza, chifukwa nsomba ikakhala pa ayezi imafupikako pang'ono ndipo woyang'anira adzaiyezera kugombe.

Si nsomba yofiira iliyonse imene ili red snapper. Yeniyeniyo diso lake ndi lofiira, chipsepse cha pansi chakumchira ndi chosongoka. Vermilion snapper ndi yowonda, mchira wake wamphanda kwambiri, ndipo ili ndi malamulo akeake. Musadule mutu kapena zipsepse muli panyanja. Nsomba ifike kugombe yathunthu kuti athe kuizindikira ndi kuiyeza.

7. Kubweza nsomba ili moyo

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulisamale kuposa onse. Red snapper imakhala pansi penipeni, pa miyala, pa zombo zomira ndi pa mizati ya migodi ya mafuta, nthawi zambiri mafiti 100 kapena kuposa. M'mimba mwake muli kathumba ka mpweya. Mukaikoka msanga kuchokera pansi, mpweya uja umafufuma, mimba imatupa, maso amatong'oka, ndipo chifu chimatulukira kukamwa. Nditaona koyamba ndinkayesa ndi lilime. Mnzanga wina anatenga mpeni kuti aboole. Musatero, chimenecho ndi chifu, mukachiboola mwaivulaza.

Nsomba yotere mukangoiponya m'madzi siingamire. Imayandama chagada kumbuyo kwa boti, ikuphiriphitha, mpaka shaki kapena dolphin idzaitole. Masana ena mumaona mzere wa tinthu tofiira tikuyandama kumene boti ladutsa, ndipo zimamvetsa chisoni. Akatswiri powerengera mapaundi a zaka zikubwerazo amaphatikizamo nsomba zofa chonchi, ndiye kuti iliyonse yoyandama ija ikudya masiku a mawa.

Chochita chake n'chosavuta. Kolowolani mbedza msanga, manja ali onyowa, nsomba isakhalitse padzuwa chifukwa cha zithunzi. Ikoleni pakamwa ndi descending device, muitsitse ndi chingwe. Ikafika pansi mpweya uja umabwerera mwakale, kachipangizoko kamaimasula, nsomba n'kuthawa. Ngati mukugwiritsa ntchito singano, ikhale yamphako. Igonekeni nsomba, mulowetse singanoyo mopendeketsa pansi pa mamba, inchi imodzi kapena ziwiri kumbuyo kwa chipsepse cha pambali, mpaka mumve mpweya ukuti fyuu. Musazamitse. Ine ndimakonda chotsitsira chija, chifukwa singano m'manja mwa munthu wosazolowera, boti likugwedezeka, imapha zambiri kuposa zomwe imapulumutsa.

Ndipo mukakwanitsa nsomba zanu, chokanipo pamalopo kapena sinthani nyambo. Khalidwe lotaya yaing'ono yomwe yafa kale mu ayezi chifukwa mwagwira yaikulu ndi loipa, ngakhale palibe akukuonani.

8. Perekani lipoti

Ku Alabama, boti lililonse lipereke lipoti pa Snapper Check nsomba zisanatsitsidwe. Ku Mississippi mu 2024 munthu ankatseka ulendo uja pa Tails n' Scales, apo ayi sankapatsidwa nambala ina. Ku Louisiana a LA Creel amaimba foni kapena kutumiza imelo, ku Florida amatumiza mafunso a State Reef Fish Survey, ndipo padoko mungapeze munthu wa sikelo akupempha kuyeza nsomba zanu. Muloleni.

Ena amabisa poganiza kuti akanena zochepa nyengo italika. Kuwerenga nsomba za m'nyanja n'kovuta kale. Kafukufuku wa Great Red Snapper Count, amene anatsogoleredwa ndi Greg Stunz wa ku Harte Research Institute ku Corpus Christi, analengeza mu 2021 kuti ku Gulf kuli red snapper zoposa 110 miliyoni, pomwe chiwerengero cha boma chinali cha m'ma 36 miliyoni. Zambiri zinapezeka zitamwazikana pansi pa mchenga ndi matope pomwe kale sankayang'anapo. Mkangano wa ziwerengerozi ukadalipo, ndipo oika malamulo akakayikira manambala amasiya mpata waukulu wodzitetezera, umene umadulidwa pa masiku anu omwewo.

Usiku woti mawa mukunyamuka, tsegulani tsamba la bungwe la nsomba la chigawo chanu kapena pulogalamu ya pa foni ya Fish Rules, muone ngati nyengo ikadali yotsegula. Chilengezo chotseka chimatha kubwera kutangotsala masiku ochepa. Mankhwala a chizungulire mumwe musanakwere boti, osati mutayamba kale kusanza. Mukafika kunyumba ndi nsomba zanu, kumbukirani kuti yowedza mongosangalala saigulitsa. A kutchalitchi akaipempha, apatseni ulere, mutu musunge wa msuzi wodyera nsima.