Mmene mungalembere mbiri ya mayi omwe anali aphunzitsi

Akakupatsani ntchito yolemba mbiri ya mayi kapena agogo omwe aphunzitsa zaka zambirimbiri, musathamangire kulemba ayi, yambani mwafunsa kaye. Inu apabanja mumangodziwa mbali imodzi, mayi ofika pakhomo atatopa manja ali mbuu ndi choko, atanyamula mulu wa makope oti achonge usiku. Mayi oima pa bolodi aja amawadziwa ndi ana awo asukulu, ndiye asakeni pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp a anthu omwe anaphunzira pasukulupo.

Funso loti "anali munthu otani" lisiyeni, aliyense angoti anali abwino, okonda anthu, basi. Funsani zenizeni. Mwana akachedwa ankamuuza chani? Ana anawapatsa dzina lanji lamseri (mphunzitsi aliyense amakhala nalo, musakhumudwe likakhala loseketsa)? Ndani anadziwa kuwerenga chifukwa cha iwowo? Auzeni atumize voice note poti anthu amamasuka polankhula kusiyana ndi kutayipa. Zidzukulu nazo muzifunse pazokha, zimakumbuka zina zomwe ana awo sanazionepo, aphunzitsi ambiri oopedwa m'kalasi akafika pa zidzukulu amafewa zedi.

Zaka ndi maina a sukulu tengani pa mapepala, satifiketi, kalata yowalembera ntchito, ya transifa, yopumira pantchito. Zapamutu zimasemphana, ndipo mukaphonya chaka chimodzi pali azakhali ena omwe azingokumbuka chokhacho.

Polemba, za kubadwa ndi masukulu zidutseni mwachidule, malo ambiri apite ku nkhani ziwiri kapena zitatu zoonetsa mmene analili. Ngati anali aukali nenani, omwe anadutsa m'manja mwawo akudziwa kale ndipo akamva amaseka misozi ili m'maso. Ngati mukawerenge pagulu dziwani kuti mawu 400 amatenga mphindi 3 kapena kuposerako pang'ono, yeserani kaye mokweza muli nokha, ndipo pepala lina mupatse munthu woti apitirize mawu akakutsamwani pakhosi.

Zithunzi zakale zipangeni sikani pa 300 dpi (muyeso wa kaonekedwe ka chithunzi womwe mumasankha popanga sikani) kapena kuposa, ngati palibe makina a sikani jambulani ndi foni pamalo owala osayatsa flash. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, apo bii zimafinyika n'kutuluka zosaoneka bwino mukasindikiza. Tembenuzaninso chithunzi chilichonse, kumbuyo nthawi zambiri kumakhala chaka ndi maina olembedwa ndi dzanja lawo, nakonso jambulani.