Wosewera akagundidwa mutu: zoyenera kuchita dokotala wa timu pamene aliyense akufuna kuti mpira upitirire

Dokotala wa timu amalipidwa ndi kalabu, amakwera basi imodzi ndi osewera, ndipo chigoli chikalowa nayenso amadumpha. Koma akangogwada pambali pa wosewera amene wagwa, munthu ali pansiyo ndi wodwala wake, ndipo moyo wa wodwalayo ndiwo umatsogola. Kuvuta konse kwa ntchitoyi kwagona pamenepa. Bondo kapena kakolo zikavulala mkangano suchuluka, poti aliyense amaona kuti munthu akutsimphina. Mutu ndi nkhani ina. Wosewera amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuloza kuti mpira uyambe, chonsecho ubongo wake wagwedezeka m'chigaza, vuto lomwe achipatala amalitcha concussion.

Pa ndime yomaliza ya World Cup ya 2014 ku Rio de Janeiro, Christoph Kramer wa Germany anawombedwa kumaso ndi phewa la Ezequiel Garay wa Argentina. Anamuona, n'kumulola kupitiriza, ndipo anasewera pafupifupi mphindi 15 asanatulutsidwe ali dzandidzandi. Woyimbira masewerowo, Nicola Rizzoli, anaulula pambuyo pake kuti Kramer anabwera kudzamufunsa ngati imeneyi inalidi fainolo. Zimenezi zinachitika pa bwalo lomwe linali ndi madokotala ndi zipangizo zonse. Chomwe chimasowa nthawi zambiri si nzeru ayi, koma mphamvu yonena kuti "watuluka" ndi kumvedwa.

Mphamvu imeneyo simungaipeze pa mphindi ya 80 masapota akukuwa. M'mera mpoyamba. Ligi isanayambe, khalani pansi ndi mphunzitsi wamkulu ndi akuluakulu a kalabu, mugwirizane kuti pa nkhani ya mutu mawu omaliza ndi a wachipatala, ndipo mgwirizanowo ulembedwe, onse asayine. Kenaka muwafotokozere osewera pamodzi, mphunzitsi ali pomwepo, kuti amve okha kuti wotulutsidwa chifukwa cha mutu sataya malo ake. Ngati n'kotheka pemphani kuti bonasi yake ya gemu asamudule. Ichi chimaoneka chaching'ono, koma kuopa kutaya bonasi ndiko kumachititsa anyamata ambiri kubisa chizungulire: kunyumba kukudikira lendi ndi thumba la ufa.

Nthawi yomweyo muyezeni wosewera aliyense ali bwinobwino pogwiritsa ntchito SCAT6, fomu yoyezera kugwedezeka kwa ubongo, yomwe inatuluka mu 2023 potsatira msonkhano wa akatswiri ku Amsterdam mu 2022. Mukatero mudzakhala ndi poyerekezera akadzavulala. Fomuyi ndi ya achipatala. Aphunzitsi a sukulu ndi a matimu a m'madera agwiritse ntchito fomu ina yotchedwa CRT6, yomwe anailembera anthu wamba. Funsaninso okonza mpikisano wanu ngati anavomereza lamulo la IFAB (bungwe lokonza malamulo a mpira) lomwe linayamba pa 1 July 2024, lolola timu kusintha wosewera mmodzi woonjezera pa chifukwa cha mutu. Lamuloli si lokakamiza, mpikisano uliwonse umasankha wokha. Tsiku la gemu, makamaka koyenda, dziwiranitu chipatala chapafupi, komwe kuli makina a CT scan (sikani yojambula m'kati mwa mutu), galimoto yomwe inyamule wovulala ndi amene wasunga makiyi ake. Kusaka dalaivala munthu ali pa machira ndiye kutaya mphindi zomwe sizibwerera.

Tsopano wagwa. Funso loyamba mukuthamanga: wagundidwa kapena wangogwa yekha? Wogwa popanda kukhudzidwa ndi munthu, osayankha, muganizireni mtima, monga zinachitikira Marc-Vivien Foé wa Cameroon ku Lyon mu 2003. Wosewera wotereyu ngati sakupuma bwino yambani kukanikiza pachifuwa, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6, ndipo wina athamangire makina a AED, obwezeretsa kagundidwe ka mtima ndi magetsi, ngati alipo.

Ngati wagundidwa, ganizirani khosi musanaganize china chilichonse. Gwadani kumutu kwake, mugwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, mumuitane dzina. Apa mdani wanu ndi chikondi cha anzake. Wina amabwera ndi botolo kudzamuthira madzi kumaso, wina akumukoka mkono kuti adzuke, wina akumupisa zala m'kamwa poopa kuti ameza lilime. Aletseni onse mokweza mawu. Munthu sameza lilime. Chomwe chimachitika n'chakuti limagwera kumbuyo, ndipo njira yake ndi kukankhira nsagwada kutsogolo osapinda khosi. Zala m'kamwa zimangolumidwa kapena kumusanzitsa. Ngati akumva kuwawa m'khosi, dzanzi kapena kufooka m'manja ndi m'miyendo, asasunthidwe mpaka pakhale anthu okwanira omunyamula mutu ndi msana zili mowongoka.

Zina zimatanthauza kuchipatala pompopompo, osadikira wenzulo womaliza: kukomoka, kugwedezeka ngati wakhunyu, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu wowawa kwambiri kapena womwe ukunka nuwawirawawira, tulo tochuluka tosadziwika bwino, kusokonezeka komwe kukukula, ukali wosayembekezeka, kapena chigaza chooneka chophwanyika.

Koma ambiri ogwedezeka ubongo sakomoka n'komwe, ndipo apa ndi pomwe madokotala amagonjera. Yang'anani zomwe maso anu aona: anagona duu kwa kanthawi, anachedwa kudzuka, akudzandira, maso ali tong'o osaona kanthu, akuthamangira mbali yolakwika. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kumutulutsa. Musamufunse kuti "uli bwino?" chifukwa yankho lake mukulidziwa kale: "Ndili shapu adokotala." Mufunseni mafunso asanu oyesa kukumbukira, otchedwa a Maddocks: tili pa bwalo liti, tili m'chigawo chiti, wagoletsa komaliza ndani, gemu yapita tinasewera ndi timu iti, nanga tinapambana? Akaphonya limodzi, watuluka. Akakhoza onse sindiye kuti ali bwino, poti zizindikiro zina zimabwera patapita maola. Kutsatira nkhani ya Kramer, FIFA inalola woyimbira kuimitsa mpira mpaka mphindi 3 kuti dokotala ayeze, ndipo wosewera apitirize pokhapokha dokotalayo atavomereza. Mphindi 3 n'zochepa kuti mutsimikize kuti munthu ali bwino. Zimangokwanira kuona kuti sali bwino. Mukakayika, mutulutseni.

Wosewera adzakana. Hugo Lloris, goloboyi wa Tottenham, atawombedwa ndi bondo la Romelu Lukaku mu 2013 n'kukomoka, anakakamira kubwerera pagolo ndipo anamulola, zomwe akatswiri ambiri anadzudzula. Pa matenda ena munthu wamkulu ali ndi ufulu wokana malangizo a dokotala, ndipo ufulu umenewo timaulemekeza. Pano zasiyana, chifukwa chiwalo chomwe chiyenera kupanga chiganizocho ndicho chavulala. Onjezanipo kuti anyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, kuti pa benchi pali wina wofuna jezi yomweyo, mwinanso m'bwalomo muli wodzaona osewera. "Ndisewera" wotereyu si chilolezo. Musakangane naye pagulu kapena kumuchititsa manyazi. Mugwireni paphewa, muyende naye, mumuuze motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, lero basi. Mlandu ndi wanga, osati wako." Mawu amenewa amamuchotsera mtolo wooneka wamantha pamaso pa anzake.

Kwa mphunzitsi lankhulani mwachidule: "Akochi, nambala 6 watuluka, konzani wina." Mukanena kuti "ndikuona ngati" kapena "timuone kaye mphindi zisanu", mwatsekula khomo la zokambirana, ndipo pa zokambirana za pamzere dokotala sapambana. Mphindi zisanu zomwezo ndi zomwe angagundidwenso, ndipo ubongo womwe sunachire ukalandira nkhonya yachiwiri, makamaka mwa achinyamata, utha kutupa mpaka kupha. Mukamutulutsa pitani naye kuchipinda chosinthira, kutali ndi phokoso, mukamuyeze modekha.

Kuima nji kuli ndi mtengo wake, tisanamizane. Mu August 2015 Eva Carneiro, dokotala wa Chelsea, analowa m'bwalo ataitanidwa ndi woyimbira kukathandiza Eden Hazard. Mphunzitsi wa timuyo, José Mourinho, anamudzudzula poyera, dokotalayo anachotsedwa pa benchi, ndipo nkhaniyo inakathera ku bwalo la milandu ya ntchito komwe anagwirizana mu 2016, kalabu n'kupepesa. Koma kugonja nakonso kuli ndi mtengo. Mu 2009 wosewera rugby wa Harlequins, Tom Williams, analuma kapisozi wa magazi abodza kuti timu isinthe munthu, ndipo dokotala wa timuyo anavomera pempho lake lomucheka mlomo kuti bodzalo lioneke loona. Amene anakaima pamaso pa bungwe loona za madokotala anali dokotalayo. Chitetezo chanu ndi cholembera: lembani mphindi yomwe wagundidwa, zomwe mwaona, zomwe wayankha, zomwe mwauza mphunzitsi ndi nthawi yake.

Za chinsinsi, mphunzitsi ayenera kudziwa zitatu zokha: ngati wosewera angasewere, zomwe angachite pokonzekera, ndi nthawi yomwe mudzamuonenso. Zina zonse zomwe mwamva pomuyeza, kaya mankhwala omwe amamwa tsiku ndi tsiku, kaya za m'banja, n'zake. Musaike zithunzi kapena zotsatira za sikani pa gulu la WhatsApp la timu, ndipo atolankhani auzidwe zomwe mwini wake wavomereza. Ngati sanakwane zaka 18, makolo kapena omuyang'anira adziwe tsiku lomwelo.

Usiku woyamba asagone yekha. Muuzeni amene akhale naye zizindikiro zoopsa zija, chifukwa magazi otayikira m'chigaza nthawi zina amamusiya munthu akucheza bwinobwino kwa maola angapo asanagwe. Asamwe mowa, asayendetse galimoto kapena njinga yamoto kwa maola osachepera 24. Mutu ukamawawa amwe panado. Asipulini, bufeni ndi diclofenac zidikire kaye poti zitha kuonjezera kutaya magazi. Sikani ikatuluka yabwino musanamizike: imasonyeza magazi ndi mafupa osweka, koma kugwedezeka kwa ubongo sikuoneka pamenepo.

Kubwerera m'bwalo kumayenda m'masitepe 6, iliyonse maola osachepera 24. Maola 24 mpaka 48 oyamba apume, azingoyendayenda pakhomo, foni ndi TV achepetse. Kenaka kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga yokhazikika, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Yachitatu ndi kuthamanga ndi mpira payekha, osamenya ndi mutu. M'masitepe atatuwa zizindikiro zikakwera pang'ono, osapitirira 2 pa muyeso wa 10, n'kutha pasanathe ola, palibe vuto. Zikaposa apo aime, ayesenso mawa. Asanapite ku yachinayi, yomwe ndi kukonzekera ndi anzake popanda kugundana, zizindikiro zikhale zitatheratu ndipo wachipatala avomereze. Yachisanu ndi kukonzekera konse, yomaliza ndi gemu. Zizindikiro zikabwerera m'masitepe atatu omalizawa, abwerere ku yachitatu. Kwa matimu opanda dokotala wa tsiku ndi tsiku, malangizo a ku Britain a 2023 a masewero a m'madera ndi otetezeka kwambiri: asasewere gemu pasanathe masiku 21. Mwana wa sukulu ayambe wabwerera m'kalasi bwinobwino asanabwerere m'bwalo, ndipo aliyense amene zizindikiro zapitirira masabata 4 atumizidwe kwa katswiri.

Chiyeso chachikulu chimabwera sabata ya gemu yaikulu, wina akakunong'onezani kuti mungomupatsa kenakake koziziritsa mutu. Mankhwala opha ululu amabisa chizindikiro chomwe mukudalira poyeza ngati wachira. Komanso tramadol ndi woletsedwa ndi WADA (bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera) pa mpikisano kuyambira 1 January 2024, ndipo akapezeka m'mkodzo chilango chimayambira pa wosewera, ngakhale anamupatsa ndi dokotala.