Mukakumana ndi njovu, yambani mwaiwerenga kaye

Kwa ife okhala kufupi ndi paki ya Kasungu njovu si nkhani ya pa wailesi ayi, makamaka chibwerereni njovu 263 zimene anazisamutsira kuno kuchokera ku paki ya Liwonde mu 2022. Ndiye mukakumana nayo choyamba onani mphepo. Maso ake ndi ofooka koma mphuno eee, imamva fungo patali, ndiye tolani kadothi muwaze m'mwamba muone kolowera, mukhale mbali yoti mphepo isatengere fungo lanu kwa iyo.

Kenako makutu. Ikawatambasula, kupukusa mutu, kulira ndi kuwaza fumbi, nthawi zambiri ikungoopseza, bwererani chambuyo pang'onopang'ono osakuwa. Koma ikawapinda kumbuyo, chitamba chapindira mkati, mutu pansi, ili zii, apo zavuta, bisalani kuseri kwa chulu kapena chimtengo chachikulu chifukwa pa liwiro simungaithe.

Gulu limatsogoleredwa ndi yaikazi yaikulu, ndipo pakakhala kamwana musayerekeze kulowa pakati, mayi wake amakhala ndi mimba miyezi 22 nde mukuganiza angakusekereni? Yamphongo yotuluka madzi pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukuchucha m'miyendo, imeneyo ingoipatsani njira basi.

Kumunda sinjani tsabola wouma, sakanizani ndi oyilo wakutha wa galimoto, pakani pa zingwe ndi nsanza muzungulize chimanga. Ming'oma ya njuchi m'malire imathandizanso, njovu zimaopa kulumidwa m'chitamba. Mvula ikagwa tsabola uja pakaninso, ine chaka china ndinachita ulesi, m'mawa ndinangopeza mapesi ndi ndowe zikufuka nthunzi.