Kadimba ka pa windo: kudzala zokometsera ndiwo m'khitchini yaing'ono kuno ku Dedza

Nyumba zambiri za lendi pa boma la Dedza zilibe malo olima, ndipo pomwe pali kabwalo nkhuku za aneba sizisiya kanthu. Komabe anyezi wa masamba, adyo, minti, korianda ndi tsabola wa kambuzi zimatheka m'zigubu pa windo la khitchini. Chimene chimapha mbewu za m'nyumba kawirikawiri si kusowa feteleza ayi, koma dzuwa lochepa ndi madzi ochuluka. Kuno kumapiri vutoli limakula chifukwa kumazizira, dothi siliuma msanga, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kuphimba dzuwa mpaka masana.

Musanagule kapena kudula chilichonse, taonani kaye windo lanu tsiku lathunthu ndipo muwerenge maola amene dzuwa limagwa pamenepo. M'nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho windo loyang'ana kumpoto ndilo labwino koposa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Loyang'ana kum'mawa limapereka dzuwa la m'mamawa, lomwe ndi lokwanira kwa anyezi, minti ndi korianda. Loyang'ana kumwera silipeza dzuwa m'miyezi yozizira; pamenepo minti yekha ndiye angapirire. Ngati maola akukwana 4, dzalani za masamba. Kambuzi amafuna maola 6 kapena kuposa, ndipo pakapanda windo lotere ndi bwino kumuika pakhonde masana n'kumulowetsa usiku.

Zodzalamo n'zomwe muli nazo kale. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chidulidwe kumtunda kuti chitsale chakuya masentimita 20, chitsukidwe ndi sopo mpaka mafuta athe, kenako mubowole pansi mabowo 6 kapena 8 ndi msomali wotentha. Mphika wadothi womwe unang'aluka ndi wabwino kwambiri kuno chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali, koma nawonso uyenera kukhala ndi bowo pansi. Chidebe chopanda bowo musadzalemo ngakhale chikhale chokongola chotani. Pansi pa chilichonse ikani mbale yakale yolandirira madzi, ndipo muzitaya madziwo pakatha mphindi 15 mutathirira. Akakhalitsa mizu imawola, komanso udzudzu umaswerana momwemo m'nyumba mwanu.

Dothi lofiira la kuseri kwa nyumba likaikidwa lokha m'chigubu limalimba ngati njerwa. Sakanizani magawo 2 a dothi lakuda la pamwamba, gawo 1 la manyowa owola bwino, ndi gawo 1 la mchenga wokhakhala wa kumtsinje. Manyowa owola bwino ndi amene sanunkha, satentha mukalowetsa dzanja, ndipo amanyenyeka ngati dothi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu ndipo si zoyenera kukhala pafupi ndi chakudya. Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani pang'ono n'kufumbata: chibulumwa chiumbike koma chisweke mukachigunda ndi chala. Chikakana kusweka, onjezani mchenga. Dzazani chigubu n'kusiya masentimita 2 pamwamba.

Yambani ndi anyezi wa masamba, poti sakhumudwitsa. Mukagula mtolo pa msika, kaya pa boma, pa Bembeke kapena pa Lizulu, sankhani wokhala ndi mizu. Dulani masamba mukaphikire, musiye tsinde la masentimita 3 mpaka 4 ndi mizu yake, ndipo muzike timatsinde 6 kapena 8 m'chigubu chimodzi, nsonga zili kunja. Pakatha masabata 2 mudzakhala mukudula kale. Muzidula ndi mpeni wakuthwa chapamwamba pa dothi, osazula. Akadulidwa katatu kapena kanayi masamba amayamba kuwonda, ndiye zulani mudzale ena.

Adyo naye timamudzalira masamba, osati mitu, chifukwa m'nyumba sabereka mutu wooneka. Tengani timagawo tomwe tayamba kale kumera m'dengu, muzike mozama masentimita 3, kosongoka kuli m'mwamba, motalikirana masentimita 5. Masamba ake amanunkhira adyo mofatsa, ndipo amakoma kwambiri mu mbatatesi yokazinga, m'mazira kapena mu usipa wa tomato.

Minti safuna njere. Pemphani kanthambi ka masentimita 10, chotsani masamba a m'munsi, muviike mu kapu ya madzi pa windo n'kumasintha madziwo masiku 2 aliwonse. Mizu imatuluka pakati pa sabata imodzi ndi masabata 2, ndipo ikafika masentimita 2 mukhoza kuwokera. Mupatseni chigubu chakechake, chifukwa mizu yake imayanga n'kupanikiza chilichonse chomwe mwamuphatikiza nacho. Muzitsina nsonga pafupipafupi kuti achite nthambi zambiri.

Korianda, yemwe ena amati dhaniya, ndi amene nyengo ya kuno imamukomera. Kumadera otentha amathamangira kuchita maluwa asanapereke masamba, koma m'kuzizira kwa Dedza amakhalitsa. Njere zathunthu zogulitsidwa ngati zokometsera zimamera ngati sizinakazingidwe ndiponso si zakalekale. Yesani 10 pa kansalu konyowa kaye. Kanjere kalikonse kali ndi mbewu ziwiri mkati, ndiye kafinyeni pang'ono ndi botolo kuti kagawike pakati, muviike usiku umodzi, kenako mufese mozama sentimita 1. Amamera pakatha masiku 7 mpaka 14, koma mu Julayi akhoza kufika masabata 3, choncho musafukule kuti muone. Akamera patulirani kuti atalikirane masentimita 5. Musamuwokere: ali ndi muzu umodzi wautali wopita pansi, ndipo ukasokonezeka amapita ku maluwa. Njira yokhala ndi masamba nthawi zonse ndi kufesa chigubu chatsopano masabata 3 aliwonse. Mu Okutobala, kukatentha, adzachita maluwa ndithu. Msiyeni abereke, mukolole njere zikasanduka zofiirira, mudzafese mvula ikayamba kutha.

Kambuzi ndi wosiyana ndi onsewa chifukwa amakonda kutentha. Kufesa mu Juni n'kutaya mbewu. Dikirani Sepitembala, mutenge njere za tsabola wakupsa bwino, muziumitse pamthunzi masiku 3, mufese mozama theka la sentimita. Zimachedwa kumera, masabata 2 mpaka 4. Mtengo umodzi umafuna ndowa ya malita 10. Dandaulo lomwe limamveka kwambiri ndi lakuti maluwa akuyoyoka osabereka. Zifukwa zake ndi kuzizira kwa usiku, dzuwa lochepa, kapena kuti m'nyumba mulibe mphepo ndi njuchi zogwedeza maluwa. Gwedezani mtengowo pang'ono masana aliwonse pamene uli ndi maluwa. Manyowa akachuluka umachita masamba okhaokha.

Pa kathiriridwe, musatsate kalendala. Lowetsani chala mpaka pa mfundo yoyamba: mukamva chinyezi, musathirire. Mukapeza pouma, thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi atulukire pansi. Mu Juni ndi Julayi izi zikhoza kukhala kamodzi pa masiku 4 kapena 5, pamene mu Okutobala mwina tsiku lililonse. Thirirani m'mawa, pa dothi osati pa masamba. Madzi otsukira mbale musathirire, muli mafuta ndi mchere.

Mbewu zimaonetsa zokha chomwe chalakwika. Zikatalika mowonda, zotuwa, zitapendekera ku galasi, dzuwa lachepa. Zisunthireni pafupi ndi windo ndipo muzitembenuza chigubu masiku 3 aliwonse. Masamba a m'munsi akachita chikasu dothi lili lonyowa, mwathirira mopitirira. Timbande tikagwa titawola pa tsinde, ndi matenda obwera ndi chinyezi komanso kuthithikana, fesaninso motalikirana. Tintchentche takuda touluka pa dothi timatha mukalisiya liume pamwamba. Nsabwe zobisala kunsi kwa masamba zitsukeni ndi madzi a sopo, supuni yaing'ono imodzi pa lita imodzi, madzulo, ndipo m'mawa mutsukenso ndi madzi oyera. Mankhwala opopera kudimba asalowe m'khitchini. Usiku wozizira kwambiri chotsani zigubu pa galasi, chifukwa masamba okhudza galasi amapsa ndi chisanu. Zikhalenso kutali ndi moto, poti nthunzi ya mafuta imamata masamba. Mbaula ya makala siyenera kuyakira m'chipinda chotseka, kaya n'kufuna kufunditsa mbewu kapena anthu; mpweya wake umapha.

Pakatha mwezi uliwonse onjezani manyowa owola odzaza dzanja limodzi pamwamba pa chigubu, n'kupalasa pang'ono ndi supuni. Pokolola musachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a masamba nthawi imodzi.

Mumphika, masamba ofewawa alowe kumapeto. Korianda ndi masamba a adyo aduleni pomwe mukufuna kuphula, muwaze pa nyemba, nyama kapena chambo mutachotsa kale pamoto, muvundikire mphindi 2. Akawira nthawi yaitali fungo lonse limathawa. Anyezi wa masamba gawani pawiri: koyera kukazingidwe ndi tomato poyamba, kobiriwira kudikire kumapeto. Pa tiyi, masamba 6 a minti pa kapu imodzi ya madzi owira, ovundikira mphindi 5, ndi okwanira. Kambuzi akabereka wambiri, muumitseni kaye padzuwa mpaka aume gwa musanamuike m'mafuta, chifukwa tsabola wamuwisi wosungidwa m'mafuta m'botolo lotseka amatha kuwonongeka n'kudwalitsa anthu.